Za Vinyo wa M'phiri ndi Umo Tinaphunzirira Kulawa

Zaka zambiri ife takhala tiri kuimirira pamaso pa ana m'sukulu ndi kuwawerengetsa mau awa akuti mpesa, mphesa ndi vinyo, pakuti apezeka kawiri kawiri m'mabuku athu. Mwana akafunsa kuti, "Aphunzitsi, kodi vinyo akoma bwanji?" tinali kumyankha mosakayika konse kuti ali ngati thobwa lofiira la Azungu. Yankho limenelo tinangolipeka m'mutu mwathu, popeza munda wa mphesa tinali tisanauone ndi kale lonse, ndipo vinyo tinali kungomuonera patali m'cikho ca pa guwa. Tsono lero tifuna kuulula kwa inu, abale owerenga, kuti tinali kuphunzitsa cinthu cosacidziwa, ndi kukusimbirani za madzulo amene botolo limodzi linaticititsa manyazi, ndi phindu limene tinaturuka nalo m'manyazimo.

Tidziwa kuti ena, poona mutu wa nkhani ino, ayamba kale kupukusa mitu yao ndi kunena kuti, "Ha! Aphunzitsi naonso alowa m'gulu la zidakwa." Tiwapempha ayambe akhala pansi, amve mlandu kufikira kumapeto ace. Ife takumba nao manda a anyamata amene tinawaphunzitsa tokha kugwira pensulo, amene kacasu anawatha asanamere ndi imvi imodzi yomwe, ndipo sitidzaleka kudzudzula kuledzera masiku onse a moyo wathu. Koma botolo limene tinena pano linali limodzi, akumwa tinali asanu, ndipo linatha patapita maora awiri. Munthu ali yense anabwerera kwao ndi miyendo yomwe anadza nayo.

Pa misyoni pathu pali Bambo wina wansembe, nkhalamba ya ku Italy, amene wakhala pakati pathu zaka zoposa 30, nalankhula cinenero cathu ndi miyambi yace yomwe. Caka catha anapita kwao kukapumula, ndipo pobwera tinaona kuti nkhope yace yagwa, cinkana sananena kanthu. Tsiku lina Lamulungu, dzuwa litapendeka, anatiitana pakhonde pace, ife, ndi aphunzitsi akuru a sukulu yathu, ndi mkuru wina wa mpingo, ndi agogo amene amphikira cakudya kuyambira kale. Anaturutsa botolo lokulungidwa m'juzi, monga mai akulunga khanda pa nyengo ya cisanu, nati, "Uyu ndi vinyo wa acimwene anga. Analima okha, anathyola okha, anafulula okha. Ndamsunga miyezi yonseyi kuti ndidzamwe pamodzi ndi inu."

Anathira pang'ono m'tambula ya ali yense, osafika ndi pakati pomwe. Ife, pozolowera cikho ca thobwa, cimene munthu acigwira ndi manja awiri nacipendeketsa kufikira ataona pansi pace, tinakweza tambula ija ndi kugugudiza kamodzi. Pomwepo m'kamwa monse munauma ngati tatafuna masuku osapsya, ndipo kukhosi kunatsika kanthu kowawasa. Tisanaganize n'komwe, pakamwa pathu panaturuka mau akuti, "Pepani Bambo, vinyoyu waonongeka pa njira. Kapena pakadakhala suga pang'ono." Pakhonde panangoti zii. Aphunzitsi akuru anayang'ana kudenga, mkuru wa mpingo anayamba kukonza kolala wa malaya ace, ndipo Bambo anapenyetsetsa botolo lija nthawi yaitali. Potsiriza anati, mosakwiya, "Aphunzitsi, mwamwa, koma simunalawe." Ndipo agogo aja, amene tambula yao inali cikhalire yosakhudza, anaseka camumtima nati, "Mwana wanga, kuona maso a nkhono n'kudekha."

Ife amene tizolowera kukonza zolakwa za ena ndi inki yofiira tinamva mau awo ngati mkwapulo. Koma Bambo anatituma kukatenga buku la mapu ku sukulu, iye nalowa m'nyumba kukatenga cithunzi, nati tiyambe taona kumene vinyoyo anabadwira tisanamweruze kaciwiri. Zimene tinamva ndi kuona tizilemba pano, pakuti ndizo zinatsegula lilime lathu.

Kumpoto kweni kweni kwa Italy, pa malire ndi dziko la Switzerland, pakati pa mapiri atali ochedwa Alps, pali cigwa dzina lace Valtellina, ndipo mudzi wace waukuru ndiwo Sondrio. M'cigwamo muyenda mtsinje wa Adda, umene uthira m'nyanja ya Como. Zigwa zambiri za m'mapiri awo zitsika kucokera kumpoto kunka kumwera, koma ici cinagona copingasa, kucokera kum'mawa kunka kumadzulo, ndipo m'menemo ndimo muli mwai wace. Ku maiko aja dzuwa la masana likhala cakumwera caka conse. Cifukwa cace phiri la tsidya limodzi la mtsinje, loyang'ana kumwera, liothera dzuwa kuyambira m'mawa kufikira madzulo, pamene la tsidya linalo likhala mumthunzi ndi nkhalango zace. Mipesa ya vinyo uyu iri pa phiri loothera dzuwalo, kuyambira mamita ngati 300 kufikira 700 pamwamba pa nyanja yamcere. Pansi pa cigwa pali cinyezi ndi cisanu copsyereza mphukira, pamwamba pali kuzizira koletsa zipatso kupsya. Mpesa upeza malo ace pakati pokha.

Koma pakatipo ndi thanthwe ndi materezi. Pa cithunzi tinaona phiri lotsetsereka kotero kuti ndi mbuzi yomwe ikadayamba yaganiza isanakwere, ndipo phiri lonselo linali lodulidwa-dulidwa m'timinda tating'ono tosanjikana ngati makwerero, kamunda kali konse kocirikizidwa ndi khoma la miyala. Timinda tina tingokwana mizere iwiri kapena itatu ya mipesa. Makomawo anamangidwa ndi miyala yokha yokha, popanda simenti kapena dothi lomatira, mwala kukhala pa unzace ndi kulemera kwace kokha. Ndipo mukawalumikiza onse a m'cigwamo, utali wace ufika makilomita ngati 2,500, ndiko kunena kuposa kawiri mtunda wocokera ku Karonga kufikira ku Nsanje. Omanga ace anali alimi wamba, mbadwo ndi mbadwo, kwa zaka mazana ambiri. M'malo ambiri dothi la m'timindamo analisenza kumsana m'madengu kucokera pansi pa cigwa, ndipo mvula ikalikokolola, alitola nalibweza kumwamba komwe. Mu 2018 bungwe la UNESCO linalemba luso limeneli la kumanga makoma osamata, la ku Italy ndi maiko ena, m'kaundula wa nzeru za makolo zoyenera kusungidwa.

Mkuru wa mpingo, amene ali mmisiri wa zomanga-manga, anafunsa cifukwa ninji anthu a cuma cotere samata makoma ao ndi simenti. Bambo anayankha kuti khoma lomata litsekera madzi kumbuyo kwace, ndipo madzi akacuruka aligwetsa lonse tsiku limodzi. Koma khoma losamata lipuma, liturutsa madzi m'mipata yace, nilisunga dothi. Anatinso miyalayo imwa kutentha kwa dzuwa usana ndi kukubwezera kwa mipesa usiku, ndipo ndiko kupsyetsa mphesa m'dziko limene nsonga za mapiri ace ziyera ndi cipale. Zigawo za phirilo ziri ndi maina ace: Sassella, dzina lotengedwa ku mau ao onena mwala, ndi Grumello, ndi Valgella, ndi Maroggia, ndi cina cochedwa Inferno, ndiko kuti Gehena, cifukwa ca kutentha kwa matanthwe ace pa cilimwe. Pakumva ici mkuru wa mpingo anakankhira tambula yace kutali, nati iye sanabatizidwe kuti akamwe za ku Gehena. Ndipo anaibwezanso pafupi atamtsimikizira kuti botolo lathu linacokera ku Sassella.

Pa malo otere trakita siikwera. Kudulira nthambi pa cisanu, kuzimangira ku mawaya, kupalira, kupopera mankhwala, kukonza khoma logumuka, zonse ndi nchito ya manja; ndipo awerenga kuti hekitala imodzi idya maora a nchito oposa 1,000 pa caka, pamene mlimi wa pa cidikha, wolima ndi makina, atha ndi gawo laling'ono la maora amenewo. Mtundu wa mpesa umene abzala ndiwo Nebbiolo, koma eni cigwa aucha Chiavennasca. Uli ngati mwana wolawirira ku sukulu ndi kuweruka potsiriza: uphukira msanga, pamene cisanu cikhoza kuupweteka, ndipo zipatso zace zicedwa kupsya kufikira mwezi wa Okutobala. Pamenepo azithyola ndi kuzitsitsa kumsana pa makwerero a miyala. Ena apachika mabokosi pa cingwe coyenda ndi makina, ndipo okhoza kulipira aitana helikopita. Acimwene ace a Bambo analibe izi, koma msana wao, ndi wa mkazi wao, ndi anansi othandizana nao monga pa dima.

Tinafunsa, tsopano ndi mau apansi, kuti nanga cipatso cozuna cibala bwanji cakumwa cosazuna. Bambo anati, "Suga amene munapempha, Aphunzitsi, analimo. Dzuwa linamuika m'mphesa, ndipo kuwira kunamdya yense." Ndipo tinazindikira kuti ici ticidziwa kale, pakuti thobwa lozuna likagona masiku lisanduka mowa, kuzuna kucepa, ukali kukula. Anatiuzanso kuti madzi a mphesa zimenezi safiira. Kufiira kucokera ku makungu, amene awasiya m'madzimo masiku angapo pakuwira, ndipo khambi louma m'kamwa lija licokera ku makungu omwewo ndi njere. Khambi limeneli ndilo lisunga vinyo kuti asabvunde zaka zambiri, ndipo licepa ukali pamene vinyo akalamba. Cifukwa cace lamulo la kwao, limene mu 1998 linaika vinyoyu m'gulu lapamwamba, liti vinyo wofuna kuchedwa Valtellina Superiore akhale wa Nebbiolo magawo 90 pa 100 kapena kuposa, ndipo adikire zaka ziwiri asanagulitsidwe, caka cimodzi ca izo ali m'migolo ya mitengo. Tinacita masamu m'mutu, ndipo tinapeza kuti cimene munthu anaciyembekeza zaka, ife tinaciweruza m'kuphethira kwa diso.

Tsono Bambo anathiranso pang'ono m'tambula yathu, nati, "Yambani ndi maso." Tinaikweza ku nyali, ndipo tinaona kuti vinyoyo sanali wakuda bii monga tinayesa, koma wofiira mopyapyala ngati madzi a cidede, woti zala zioneka kuseri kwace, ndipo m'mbali mwa tambula anali kunka ku mtundu wa njerwa. Anati ndiwo maonekedwe a mpesa umenewu, ndipo munthu asayese mphamvu ya vinyo ndi kuda kwace. Atatero anati, "Tsopano mphuno." Anatisonyeza kuzunguza tambula pang'ono pang'ono kuti mpweya ulowe, ndi kununkhiza mosafulumira. Poyamba sitinamva kanthu koma ukali. Kaciwiri kunadza pfungo ngati la maluwa a rozi ofota amene asisitere acotsa pa guwa Lolemba m'mawa. Aphunzitsi akuru anati iwo akumva masau ouma, mkuru wa mpingo anati fodya wa m'cigafa, agogo anatseka maso nati, "Dothi la pa thanthwe, mvula yoyamba itangowaza." Bambo anaomba m'manja, nati palibe walakwa, pakuti mphuno ya munthu ichula cinthu cacilendo ndi maina a kwao.

Potsiriza anati, "Tsopano pakamwa, koma kadontho, ndipo musameze msanga." Tinasunga kadonthoko pa lilime. Kuwawasa kunalipo ndithu, koma tsopano tinakumva ngati kuwawasa kwa bwemba, kumene kuitana malobvu ndi kutsitsimutsa m'kamwa. Khambi linalipo, koma losalala, longa la tiyi wopanda mkaka. Pakati pa ziwirizi panali kukoma kwa cipatso cofiira cimene tiribe dzina lace, ndi kamcere pang'ono ngati munthu wanyambita mwala. Titameza, Bambo anakweza cala kuti tisalankhule. Ndipo tinazizwa, pakuti kukomako sikunacoka, koma kunatsala m'kamwa nthawi yoti munthu awerenge pang'ono pang'ono kufikira makumi awiri, ndi kumasintha pamene kunali kuzirala. Pamenepo agogo anabwera ndi nyama ya mbuzi yoocha, ndipo titadya nthuli ndi kulawanso, khambi lija linagonja, mafuta a nyama anacoka pa lilime, ndipo nthuli yaciwiri inakoma koposa yoyamba. Bambo anati kwao vinyo samwa pa yekha, koma akhala pa gome ngati ndiwo, ndipo womwa osadya amuyesa munthu wodwala mtima.

Vinyo anali yemweyo, tambula yomweyo, lilime lomwelo. Cosintha cinali cakuti tsopano tinampatsa nthawi yakuti alankhule. Tambula yotsiriza inaposanso zonse, popeza vinyo wotere akakhala pa mpweya ora limodzi amasuka, monga mlendo wamanyazi amene ayamba kusimba nkhani zace moto utatsala makala.

Apo ndi pamene Bambo anatiuza cimene cinagwetsa nkhope yace. Acimwene ace akalamba, maondo akana makwerero, ndipo munda wao, umene sukwana ndi hekitala imodzi yomwe, ulibe woulandira, pakuti ana ao ali pa nchito ku Milan ndi ku Switzerland. Botolo lija linali la zokolola zotsiriza zimene anafulula ndi dzanja lao. Bvuto limeneli siliri la banja limodzi. Kale vinyo wa Valtellina anali cuma ca cigwa conse. Kuyambira 1512 kufikira 1797 cigwaco cinali pansi pa anthu a ku Graubünden, tsidya lija la mapiri, ndipo vinyo anali kuoloka mipata ya mapiri pa misana ya akavalo kunka kumpoto. M'zaka za m'ma 1800 mipesa inakuta mahekitala ngati 6,000. Lero siikwana 1,000. Alipo anyamata ena amene ayamba kubwerera ku timinda ta makolo ao, koma sakwanira makoma onse.

Ndipo kamunda kosiyidwa sikafa kokha. Minga imera, mizu ya mitengo ilowa pakati pa miyala, ngalande zitsekeka, khoma litupa mimba niligwa. Pakugwa ligwera kamunda ka mnansi wa kumunsi, ndipo iko kagwera kena. Mu Meyi 1983, itagwa mvula ya masiku ambiri, phiri la timinda linatsika pa mudzi wa Tresenda m'cigwa comweco, nilipha anthu m'nyumba zao. Ife a kuno sitifuna womasulira pa nkhani yotere, pakuti napolo timdziwa: anatsika ku Zomba mu 1946, ku Phalombe mu 1991, ndi pa phiri la Soche mu 2023. Bambo anati, "Acimwene anga sanalemere ndi vinyo. Koma masiku onse amene iwo anakwera phiri lija, a kumunsi anagona tulo." Tinayang'ana kadontho kotsala m'tambula, ndipo tinacita mantha pokumbukira kuti tinafuna kuthiramo suga.

Usiku umenewo tulo sitinationa, ndipo cifukwa cace tikuuzani, cinkana citicititsa manyazi koposa ca suga cija. Kwathu ku mapiri a ku Ncheu kuli munda wa pa mtsetse umene anatisiyira amai, ndipo aulima ndi mlongo wathu. M'mundamo muli mizere ya miyala yopingasa phiri, imene agogo athu ndi amalume anaunjika pang'ono pang'ono polima, mwala uli wonse umene khasu linagunda. Pa unyamata wathu tinaiyesa cizindikiro ca umphawi, ndipo tinalumbira kuti tidzaphunzira kolimba kuti tisadzagwirenso mwala. Mwezi womwewo munthu wina wa galimoto anali atatipeza, nafuna kugula miyala yonseyo kuti akamangire maziko a nyumba m'tauni. Ndipo ife, monga mwini mbumba, tinali titabvomera mtengo, poganiza za fizi ya ana. Mlongo wathu sanatsutsa, koma anangoti, "Mwatero, acimwene," nayang'ana pansi. Ife tinayesa kuti wabvomera. Kumunsi kwa mundawo kuli nyumba zinai za abale athu.

Pa chuthi cotsatira tinakwera basi kunka kumudzi, ndipo tinayenda m'mundamo ndi maso amene tinapatsidwa pakhonde paja. Tinaona kuti kumtunda kwa mzere uli wonse wa miyala dothi lakwera kufikira m'bondo, lakuda ndi lacinyontho, ndilo dothi limene likadakhala liri ku mtsinje zaka zambiri zapitazo. Ndipo mawere a mlongo wathu anali obiriwira koposa pomwepo. Tinabweza cikole ca munthu wa galimoto, amene anatinena kuti ndife aphunzitsi opanda nzeru za ndalama, ndipo kapena sananama, pakuti fizi ija tinaipeza mobvutika, pogulitsa njinga. Masiku otsala a chuthi tinawatha ndi kubwezera miyala yogumuka m'malo mwace, ndipo manja athu ozolowera coko anaturuka matuza, ana a mlongo wathu natiseka.

Tsiku lotsiriza mlongo wathu anatipatsa thobwa la mawere a m'munda womwewo, monga acita nthawi zonse. Thobwa limenelo talimwa zaka zonse za moyo wathu, ndipo sitikumbukira kuti tinanenapo kanthu koposa kuti, "Zikomo, lazuna." Tsikulo tinayamba ndi maso, ndi mphuno, ndi kadontho. Munali pfungo la cimera coyanika pa thanthwe, ndi kautsi ka nkhuni, ndi kuzuna kumene kudza pambuyo, ndi kakuwawasa kosonyeza kuti lagona usiku umodzi. Tinamuuza zimenezi cimodzi cimodzi. Iye anatiyang'ana ngati tadwala, kenaka anaseka nabisa nkhope m'citenje, nati, "Cimera cace ndinayanika masiku anai, cifukwa kunali mitambo. Palibe anazindikirapo."

Tsono abale, sitikuti mugule vinyo wa ku Italy; mtengo wa botolo limodzi ukhoza kugula ndiwo za banja masiku ambiri, ndipo ife sitiyembekeza kudzamlawanso. Sitikutinso amene analumbira kusakhudza coledzeretsa aswe lumbiro lace. Alisunge, pakuti acita bwino. Cimene tinena ndi ici, kuti cidakwa ndi munthu wosayamika ali pa ubale, pakuti onse awiri ameza osalawa: uyu afuna ukali wokha, uyo afuna kukhuta kokha, ndipo palibe mwa iwo afunsa dzanja limene linakonza. Wolawa afunsa kuti ici cinamera pati, anacisenza ndani, cinadikira masiku angati. Ndipo wofunsa zotere sakhoza kumwa mopyola muyeso, kapena kupeputsa munda waung'ono, kapena kugulitsa miyala imene isunga dothi la abale ace. Zinthu zocokera ku makampani akuru zikoma cimodzimodzi caka ndi caka, ndipo zikoma msanga. Za mlimi wamng'ono wa m'phiri zisintha ndi mvula ya caka cace, ndipo zifuna munthu wodekha. Akuru anati, mako ndi mako, usamuone kucepa mwendo.

Tinalemba kalata kwa acimwene ace a Bambo, iye natimasulira m'cinenero ca kwao, yopepesa cifukwa ca suga ndi kuwauza zimene mphuno zathu zinapeza m'vinyo wao. Yankho linadza lalifupi, la dzanja lonjenjemera, lakuti za rozi ndi fodya anazimva kale kwa ena, koma agogo amene ananena za thanthwe ndi mvula yoyamba ndiwo analasa; ndiponso kuti mnyamata wina wa m'mudzi mwao wabvomera kudulira mipesa yao caka cino, kuti aone ngati msana wace udzalola. Botolo lopanda kanthu Bambo anatipatsa, ndipo mkazi wathu asungiramo mbeu ya mawere a ku Ncheu, yosakaniza ndi phulusa. Ana a sukulu akafunsanso kuti vinyo akoma bwanji, tiwauza kuti tinamlawa kamodzi, ndi kuti poyamba tinalakwa. Ndipo tikatero titsegula buku la mapu, ndi kuyamba ndi phiri.